Fluval Evo 13.5: thanki yabwino yoyambira kuweta makorali, koma m'bokosi mwake mulibe zonse

Pa mathanki ang'onoang'ono a madzi amchere amene amapezeka m'masitolo ogulitsa nsomba zoweta muno mu Britain, ndi ochepa amene amatchulidwa kawirikawiri ngati Fluval Evo 13.5, makamaka munthu akafunsa kuti ayambire pati kuweta makorali (zamoyo za m'nyanja yamchere zooneka ngati maluwa kapena miyala) m'nyumba. Fluval ndi dzina la katundu wa kampani ya Rolf C. Hagen ya ku Canada, ndipo nambala ya 13.5 ikuimira magaloni a ku America, omwe ndi malita 52. Ine thankiyi ndakhala nayo m'chipinda chochezera kwa nthawi yokwanira kuona makorali akukula mpaka kuyamba kulimbirana malo, ndipo maganizo anga ndi akuti inapangidwa mwanzeru komanso mtengo wake ndi wofikirika, koma aliyense woganiza kuti akalipira bokosi lija ndiye kuti wamaliza kugula adzapeza kuti ndalama zambiri ndi ntchito yaikulu zagona pa zinthu zimene m'bokosimo mulibe.

Thankiyi ndi yagalasi, yotalika pafupifupi masentimita 56 ndipo m'lifupi mwake ndi masentimita 29. Chimene chimaisiyanitsa ndi mathanki ena a msinkhu wake ndi chakuti malo osefera madzi sali kumbuyo, ali kumapeto kwa mbali imodzi yaifupi, atabisidwa ndi galasi lojambulidwa mizere ya zisa za njuchi, kotero kuti mbali zitatu zotsalazo zimaoneka bwino ndipo mukhoza kuiika motulukira pakati pa chipinda m'malo moitsamiritsa kukhoma. Malo oseferawo agawidwa m'tizipinda titatu. Madzi amalowa kudzera m'timipata ta pamwamba, amadutsa mu siponji yaikulu imene muli thumba la makala ndi thumba la timiyala tadothi tokhalamo mabakiteriya, kenako pampu yokankha malita 500 pa ola imawabwezera kumene kuli nsomba kudzera m'timilomo tiwiri totheka kutembenuza. Pamwamba pali chivundikiro chokhala ndi bowo lodyetsera, komanso nyali ya LED yotulutsa kuwala koyera kosakanikirana ndi buluu, kumene opanga amati ndi 14,000K. Zonsezi zimalumikizika mosavuta, moti munthu amene sanagwirepo thanki ya nsomba akhoza kumaliza madzulo amodzi, ndipo pampu ikakhala pansi pa madzi okwanira phokoso lake silisokoneza macheza.

M'bokosimo mulibe hita yotenthetsera madzi, ndipo popanda hita simungayambe, chifukwa makorali a m'nyanja zotentha amafuna madzi a madigiri 24 mpaka 26 usana ndi usiku. Ya mawati 50 imakwanira ndipo imalowa bwinobwino m'kachipinda kamodzi mwa titatu tija, osaonekera. Mufunikanso choyezera kutentha, miyala, mchenga, zida zoyezera zimene zili m'madzi, ndi refractometer, kachipangizo kamene mumadonthezapo madzi n'kusuzumira kuti muone kuchuluka kwa mchere. Kabati yoikapo muisankhe mosamala, popeza thankiyi ikadzaza pamodzi ndi miyala ndi mchenga imalemera kupitirira makilogalamu 60. Mcherewo si wa kukhitchini ayi. Ndi mchere wosakanizidwa mwapadera kuti ukhale ndi calcium, magnesium ndi carbonate pa mlingo wofanana ndi wa m'nyanja yamchere, ndipo pa lita iliyonse pamapita magalamu apakati pa 35 ndi 40 kuti refractometer ilozere pa 1.025 kapena 1.026. Mukaphatikiza mitengo ya zonsezi, n'zosadabwitsa kupeza kuti zafanana kapena zaposa mtengo wa thanki yeniyeniyo, nsomba ndi makorali musanagule n'komwe.

Nkhani yaikulu pa thankiyi ndi kuchepa kwa madzi ake, ndipo apa ndi pamene ubwino ndi vuto lake zimakumana. Mukaikamo miyala ndi mchenga, madzi enieni amatsala pafupifupi malita 40. Madzi akamauluka ngati nthunzi mchere suuluka nawo, umatsalira, kotero otsalawo amanka nawawira. Madzi a malita 40 okhala ndi magalamu 35 a mchere pa lita akataya malita awiri okha, mlingowo umafika pafupifupi pa 37, pamene m'thanki ya malita 400 kutaya malita awiri omwewo sikusintha kanthu koti makorali n'kumva. N'chimodzimodzinso ndi nkhono imodzi ikafera kuseri kwa mwala, kapena mlendo akathira chakudya chochuluka pofuna kusangalatsa nsomba: m'thanki yaikulu zoipazo zimasungunuka m'madzi ambiri, koma muno zimaonekera tsiku lomwelo. Chivundikiro cha Evo chimathandiza kwambiri pamenepa chifukwa chimachepetsa nthunzi yotayika, ndipo ndi chimodzi mwa zifukwa zimene ndimaikondera kuposa mathanki osavundikira amene amaoneka okongola pazithunzi. Komabe madzi amatsika ndithu, ndipo mwa kapangidwe ka mathanki otere, kumene kuli nsomba mlingo susintha. Kutsika konse kumachitikira m'kachipinda ka pampu, komwe ndi kakang'ono ndiponso kobisika. Mukachedwa kuwonjezera, chizindikiro choyamba ndi phokoso la pampu ikukoka mpweya, kenako timathovu tambirimbiri tikutuluka m'timilomo tija n'kudzaza thanki yonse. Munthu ali ndi njira ziwiri: kuika chizindikiro pagalasi la kachipindako n'kumathira madzi tsiku ndi tsiku, kapena kugula kachipangizo kothira madzi kokha, monga Tunze Osmolator Nano. Kwa amene amagwira ntchito ya mashifiti kapena amachokapo masiku angapo, kachipangizoka ndikuti n'kofunika kuposa nyali yatsopano kapena nsomba yodula.

Madzi owonjezerawo ayenera kukhala opanda mchere, komanso asakhale a pampopi. Malamulo a kuno amalola madzi akumwa kukhala ndi nitrate, mankhwala amene amapezekanso mu feteleza, mpaka mamiligalamu 50 pa lita, ndipo m'madera ambiri amathiramo phosphate pofuna kuti mtovu wa m'mapaipi akale usalowe m'madzi. Kwa munthu zimenezi n'zabwinobwino, koma m'thanki ya makorali ndi feteleza wa ndere. Oweta ambiri amayesetsa kuti nitrate isapitirire mamiligalamu 10 pa lita ndipo phosphate isapitirire 0.1. Choncho mumagula madzi osefedwa mwa njira ya reverse osmosis, amene masitolo ambiri a nsomba amagulitsa pa lita mukapita ndi chigubu chanu, kapena mumagula makina osefera oika pansi pa sinki. Ubwino wa thanki yaing'ono ukuonekera pamenepa: kusintha gawo limodzi mwa magawo khumi a madzi sabata iliyonse ndi nkhani ya malita 4 kapena 5 basi, ndowa imodzi, ndipo chidebe cha mchere cha makilogalamu 7 chimatha miyezi yoposa 8. Kusintha madzi kotereku kumachotsa zoipa komanso kumabwezeretsa calcium pa mamiligalamu 400 mpaka 450 pa lita ndi alkalinity (mphamvu ya madzi yolimbana ndi asidi) pa 7 mpaka 9 dKH, kotero kuti pa makorali ofewa simufunika mabotolo a mankhwala owonjezera amene amadzaza mashelefu m'masitolo. Pa chifukwa chomwechi, skimmer yaing'ono ya PS2 (kachipangizo kochotsa zoipa m'madzi pogwiritsa ntchito thovu) imene Fluval imagulitsa padera yolowa m'kachipinda koyamba ine ndimaiona ngati yosafunikira kwa munthu wosintha madzi mokhulupirika.

Za nyali pali mikangano yambiri pakati pa oweta, ndipo kuti munthu aimvetse ayenera kudziwa kuti makorali ndi nyama, ngakhale amaoneka ngati maluwa kapena miyala. M'thupi mwawo mumakhala ndere zosaoneka ndi maso zotchedwa zooxanthellae, zimene zimapanga chakudya pogwiritsa ntchito kuwala n'kumagawirako korali amene akuzisunga. Nyali ndiye munda wawo. Nyali ya Evo ndi yokwanira makorali ofewa monga Discosoma, amene amaoneka ngati bowa, ma zoanthid a mitundu yowala, ndi green star polyps, komanso ena olimba koma osafuna kuwala kwambiri monga Duncan. Ndimakonda kuonerera green star polyps m'mawa nyali ikangoyaka: usiku wonse pamwala pamakhala kachikopa kofiirira kosalala, ndiyeno timitu tobiriwira timayamba kutuluka kamodzikamodzi, mpaka pakatha mphindi zingapo mwala wonse wasanduka ubweya wobiriwira womawerama uku ndi uku motsatira madzi. Koma chenjerani nawo, amayanga ngati kapinga m'nyengo ya mvula, ndipo mukawaika pamwala waukulu adzakwera pa anzawo onse. Apatseni kamwala kawokawo pamchenga. Kumene nyaliyi imalephera ndi pa makorali a nthambi monga Acropora, amene amafuna kuwala kwamphamvu ndi madzi osasinthasintha. Komanso ili ndi zosankha zitatu zokha, kuwala kwa masana, buluu wa usiku, ndi kuzima, ilibe njira yochepetsera mphamvu kapena wotchi yakeyake. Ambiri amaichotsa n'kuika AI Prime 16HD, yomwe imalamulidwa ndi foni ndipo imatulutsa mitundu ya makorali mochititsa kaso, koma kutero kumafuna kuchotsa kapena kudula chivundikiro, ndiye vuto la nthunzi ndi la nsomba zodumpha limabwerera. Malangizo anga ndi akuti chaka choyamba mukhale ndi nyali imene inabwera ndi thanki.

Pogula makorali, funsani tizidutswa tolimidwa m'mathanki a anthu ena, timene timabwera titamatidwa pa kamwala kadothi. Timapirira moyo wa m'galasi kuposa ochotsedwa m'nyanja, mtengo wake ndi wotsika, komanso makorali onse olimba ali pa ndandanda wachiwiri wa pangano la CITES loyang'anira malonda a zamoyo zotetezedwa pakati pa mayiko, kutanthauza kuti kuwadutsitsa malire a dziko kumafuna zilolezo. Kadutswa kalikonse mukayang'ane bwino musanakaike, chifukwa Aiptasia, kanyama koluma kooneka ngati kamtengo ka kanjedza kofiirira, kamalowa m'thanki mwa njira imeneyi ndipo kakakhazikika n'kovuta kukathetsa.

Pampu ya malita 500 pa ola imazunguza madzi onse pafupifupi kakhumi pa ola, zimene zili zokwanira nsomba koma zoperewera pang'ono kwa makorali, omwe sayenda ndipo amadalira madzi kuwabweretsera chakudya ndi kuwachotsera zoipa. Popeza thankiyi ndi yaitali ndipo madzi amachokera mbali imodzi, kumapeto kwinako kumakhala kwa bata, ndipo kumeneko ndi kumene zinyalala zimaunjikana ndi ndere zofiira zoterera zimayambira. Kapampu kakang'ono kopanga mafunde, komatika pagalasi ndi maginito, kamathetsa vutoli. Siponji yaikulu ija nayo imagwira zinyalala bwino kwambiri, koma zikakhalitsa mmenemo zimaola n'kukweza nitrate, choncho iyenera kufinyidwa sabata iliyonse m'madzi akale amene mwachotsa m'thanki, osati pampopi. Oweta ena amaichotseratu n'kuika kabasiketi ka kampani ya inTank kopangidwira thanki yomweyi, momwe amaikamo thonje losefera lotaya pakapita masiku ochepa. Ndi njira yaukhondo, ngakhale si yokakamiza.

Chinthu chimene palibe kampani ingaike m'bokosi ndi nthawi yodikira thanki kuti ikhwime. Zonyansa za nsomba zimatulutsa ammonia, yemwe ndi poizoni. Mabakiteriya ena amamusandutsa nitrite, yemwenso ndi woopsa, ndipo ena amasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene zamoyo zimapirira akakhala wochepa. Kuti mabakiteriyawa achuluke m'miyala pamatenga masabata 4 mpaka 6, ndipo m'nthawi yonseyi mumangoyang'ana miyala ndi madzi, n'kumayeza. Zikatero pamabwera nyengo yonyansa imene aliyense amadutsamo: mchenga woyera umasanduka wofiirira chifukwa cha ndere za diatom, kenako pamiyala pamamera ndere zobiriwira ngati tsitsi. Apa ndi pamene ambiri amataya mtima n'kuyamba kuthira mankhwala osiyanasiyana, pamene chofunika n'kupitiriza kusintha madzi ndi kuikamo nkhono zochepa. Za mtundu wa Trochus zimadya ndere pagalasi ndi pamiyala, ndipo zikagwa chagada zimatha kudzitembenuza zokha. Za mtundu wa Nassarius zimakhala zitakwiririka mumchenga, kachitamba kokha kali panja, ndipo mukangoponya chakudya mchenga umayamba kugwedezeka, nkhonozo n'kutumphuka kuthamangira kumene kwagwera nyenyeswa.

Nsomba zoyenera muno ndi zochepa, ndipo wogulitsa amene angakuuzeni zosiyana ndi zimenezi akungofuna ndalama zanu. Ziwiri za mtundu wa Amphiprion ocellaris, zija za mtundu wa lalanje ndi mizere itatu yoyera, ndi zokwanira, mwina n'kuwonjezerapo kansomba kamodzi kakang'ono ka mtundu wa goby. Gulani zoswedwera m'mathanki, zomwe masiku ano zimapezeka paliponse ndipo zimadya chakudya chouma mosavuta. Mukagula ziwiri zazing'ono, yamphamvu imakula n'kukhala yaikazi ndipo inayo imakhala yaimuna, chifukwa nsombazi zimatha kusintha kuchoka ku chimuna kupita ku chikazi. Sizifunika anemone, kanyama koluma kooneka ngati duwa komwe zimabisalamo m'nyanja, kuti zikhale bwino, ndipo sindingalangize kuika anemone m'thanki yaing'ono chotere, popeza amayenda n'kumaluma makorali, ndipo akafa amawononga madzi onse. Yaikazi ikakhwima imateteza ngodya yake mpaka kujompha dzanja la mwini wake popukuta galasi. Nsomba ya buluu ya mtundu wa Paracanthurus hepatus, imene ana amaikonda kwambiri, imakula mpaka masentimita 30 ndipo ilibe malo muno ngakhale ikadali yaing'ono. Kumbukiraninso kuti nthenda ya timadontho toyera, yoyambitsidwa ndi Cryptocaryon irritans, kawirikawiri imachizidwa ndi mankhwala okhala ndi kopa, ndipo kopa amapha makorali, nkhono ndi nkhanu, choncho nsomba yodwala imachizidwira m'thanki ina yapadera.

Pali chenjezo limodzi limene ndikanakonda likanamalembedwa pa bokosi la thanki iliyonse ya makorali. Makorali ena a mtundu wa Palythoa ndi abale awo ali ndi poizoni wotchedwa palytoxin, mmodzi mwa oopsa kwambiri odziwika m'chilengedwe. Mu 2018 anthu a m'banja lina ku Oxfordshire anatengeredwa kuchipatala atadwala chifukwa chokwecha mwala wa makorali kunja kwa madzi m'nyumba mwawo. Valani magolovesi ndi magalasi oteteza maso pogwira makorali amenewa, musagwire muli ndi bala, ndipo musayerekeze kuwiritsa mwala wochokera m'thanki kapena kuuthira madzi otentha, chifukwa poizoniyo amakwera ndi nthunzi.

Chivundikiro chimene ndachiyamikira chija chimasanduka vuto m'chilimwe, pamene chimatsekera kutentha mkati. Nyumba za kuno zinamangidwa kuti zisunge kutentha, ndipo mu July 2022, pamene ku Coningsby kunafika madigiri 40.3, oweta makorali ambiri anaona mmene madzi ochepa amatenthera msanga. Madzi akakhalitsa pa madigiri 29 kapena 30, makorali amatulutsa ndere zawo zija n'kuyera, zomwe ndi zimene zinachitikira mbali zazikulu za Great Barrier Reef mu 2016 ndi 2017. Pa masiku otere tsegulani chivundikiro, lozetsani fani yaing'ono pamwamba pa madzi, ndipo muzikhala tcheru ndi kachipinda ka pampu chifukwa madzi amatsika mofulumira kuposa masiku onse.

Achibale amene amabwera kudzacheza amafunsa ngati thanki yotereyi ingatheke kumudzi. Pulagi yake ndi ya mano atatu yomwe timagwiritsa ntchito ku Malawi ndipo mphamvu ya magetsi ndi yofanana, kotero kuilumikiza si nkhani. Amene anawetapo mbuna, nsomba za m'nyanja ya Malawi zomwe m'masitolo a kuno zili ndi mathanki awoawo olembedwa dzina la Malawi, amadziwa kale kusunga madzi a pH ya pafupifupi 8, imene makorali amafunanso. Chovuta ndi magetsi akathima, chifukwa pampu ikaima mpweya wa m'madzi umayamba kutha, ndipo madzi amchere amasunga mpweya wochepa kuposa madzi a m'nyanja yathu, moti maola ochepa okha akhoza kupha nsomba ndi mabakiteriya amene munawadikira masabata onse aja. Popanda invetala kapena sola yodalirika, komanso kapampu ka mpweya koyendera mabatire, sindingalangize munthu kuyamba. Onjezeranipo kuti dziko lathu lilibe gombe la nyanja yamchere, choncho mchere, zida zoyezera, nsomba ndi makorali zonse ziyenera kuchokera kunja, zina mwa izo ndi zilolezo. Ndipo amene angaganize zoitenga kuti akaikemo mbuna m'malo mwa makorali adziwe kuti malita 52 ndi ochepa kwambiri kwa nsomba zandewu ngati zimenezo, zomwe zimafuna thanki ya malita 200 kapena kuposerapo.